Kodi kutchaya mpira ndi umishonale? Kuyankha bambo a ku Kasungu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Kasungu, mkulu wa mpingo, dzina sinditchula poti sanandilole. Analemba mwaulemu ndithu koma funso lake lobaya. Anati: "Mayi, timamva kuti inu ndi amuna anu muli ku Scotland ngati amishonale, koma zithunzi zomwe mumaika pa Facebook ndi za mpira zokhazokha. Umishonale wake ndi umenewu? Tsiku lanu limayenda bwanji, ndipo chipitireni mwatembenuza anthu angati?"

Zikomo bambo pofunsa maso ndi maso, ambiri amangonong'onezana kumbali ife nkumamvera kwa achibale. Ndiyankha pano kuti ena omwe ali ndi funso lomweli amvere limodzi.

Ndiyambe ndi lomalizalo poti ndikudziwa ndi lomwe likukusowetsani mtendere. Zaka zinayi, obatizidwa atatu. Eya, atatu basi, sindinaiwale ziro. Kwathu chitsitsimutso cha Lachisanu mpaka Lamulungu anthu 200 amabwera kutsogolo ndiye ndikumvetsa kuti nambala imeneyi ikuoneka ngati tikungodya ndalama za mpingo, inenso chaka choyamba ndinkalira nayo usiku.

Koma mudziwe kaye dziko lomwe tilili. Ine ndinakula ndikumva za Livingstone, za Robert Laws ndi Livingstonia, za Blantyre Mission ya 1876, ndiye m'mutu mwanga Scotland linali dziko loti Lamulungu misewu imadzadza ndi anthu onyamula ma Baibulo. Aaa ndinanama. Kalembera wa 2022 anaonetsa kuti anthu 51 pa 100 alionse kuno amati alibe chipembedzo chilichonse, a Church of Scotland, mayi ake a CCAP yathu ija, anatsala pafupifupi 20 pa 100. Matchalitchi akugulitsidwa. Kuno ku Glasgow kumapeto kwa Byres Road kuli tchalitchi chachikulu chokongola chamiyala, pano dzina lake ndi Òran Mór ndipo mkatimo ndi bala, anthu akumwa mowa pansi pa mawindo omwe agogo awo ankayimbira masalmo. Tsiku lomwe tinapita ku Blantyre yakuno, kamtauni komwe Livingstone anabadwira mu 1813, mphindi 20 zokha pa sitima, ndinaima m'kachipinda kamodzi komwe banja lonse linkagona ndipo mtima unandiwawa mosadziwa kuti ndifotokoze bwanji.

Miyezi yoyamba amuna anga anayesa zakwathu. Kugogoda khomo ndi khomo, kugawa timapepala mu tauni. Kwathu ukati odi amakupatsa mpando ngakhale sakukudziwa, mwina nkukuphikira tiyi. Kuno munthu amatsegula chitseko pang'ono, akangomva za tchalitchi amati pepani ndatanganidwa, phaa watseka. Sikuti ndi anthu oipa ayi, a ku Glasgow ndi ochezeka kwabasi, pa basi akhoza kukuuza mbiri ya moyo wawo wonse, koma nkhani ya Mulungu kuchokera kwa mlendo saifuna.

Mpira nde amaufuna. Mzinda uno umapuma mpira, masewero oyamba pakati pa mayiko awiri padziko lonse anachitikira konkuno ku Partick mu 1872, Scotland ndi England osagoletsana. Ndipo bambo, zoti mpingo uzichita za mpira sitinayambitse ife. Celtic inayambira mu holo ya tchalitchi cha St Mary's ku Calton mu 1887, anayambitsa ndi Brother Walfrid wa chipani cha Marist kuti apeze ndalama zodyetsera ana osauka a ku East End, dera lomwe ifenso tikukhala pano. Everton inachokera ku tchalitchi cha Methodist cha St Domingo, Manchester City ku St Mark's, Southampton mpaka lero amawatchula ma Saints chifukwa cha St Mary's. Matimu omwe achinyamata a mumpingo mwanu amathawira mapemphero a masana kukaonera ku video show aja, ambiri anabadwira pa tchalitchi kkkk.

Tsiku lathu limayenda chonchi. Timadzuka 6 koloko, mu Disembala kumakhala kuli bii mpaka cha m'ma hafu eyiti ndipo isanakwane 4 koloko masana dzuwa lalowa kale, ngati linatuluka nkomwe. Mapemphero apabanja, phala la oti, ana awiri kusukulu 9 koloko. M'mawa amuna anga amayendera anthu kapena kulimbana ndi mapepala, ine masiku atatu ndimathandiza kogawa chakudya pa tchalitchi, masiku enawo ndine wochapa wamkulu wa timu. Palibe anandiuza kuti mkazi wa mishonale ntchito yake yaikulu idzakhala kuyanika mabibu 40 onunkha thukuta pa hita poti kunja mvula siikata, m'nyumba monse fungo la pagulaundi.

Lachiwiri madzulo ndi anyamata a zaka 12 mpaka 16, pa gulaundi ya kapinga wapulasitiki yomwe timalipira pa ola ndipo ola likatha magetsi amazima kaya chigoli chili m'njira. Lachinayi ndi anyamata akuluakulu othawa kwawo, a ku Eritrea, Sudan, Iran, Syria, omwe akudikira mapepala ndipo ambiri saloledwa kugwira ntchito, sabata yonse amangokhala m'chipinda kudikira Lachinayi limenelo. Lachisanu m'mawa ndi madala opitirira zaka 50, mpira woyenda, ukathamanga ndi faulo. Musaseke bambo, madala amenewa amakangana ndi oimbira kuposa ana.

Lamulo lathu loyamba, palibe kuvala jezi ya Celtic kapena Rangers, matimu awiri akuluakulu a mu Glasgow muno. Tinaphunzira mowawa. Amuna anga ndi a Noma kuyambira ali mwana ndiye tsiku loyamba lenileni anatulukira pagulaundi atavala jezi yawo yabuluu ya Wanderers monyadira, kudera loti pafupifupi aliyense ndi wa Celtic yobiriwira, pomwe buluu ndi mtundu wa Rangers. Ana anangoti zii kuwayang'ana, kholo lina nkubwera kudzafunsa kuti kodi tchalitchi chanuchi ndi cha mbali iti. Za Maule ndi Manoma ndi zocheza, tikatuluka pa Kamuzu Stadium timakwera minibasi imodzi. Zakuno zalowa chipembedzo, Akatolika ndi Apulotesitanti, zalowa ndale za ku Ireland, ndi mabala a zaka zoposa 100. Jezi ija pano amagonera.

Malamulo enanso ndi ambiri, aliyense wogwira ntchito ndi ana ayenera kulembetsa mu PVG, ndondomeko yoti boma limafufuza mbiri yako kaye, sungatenge mwana wa eni pa galimoto uli wekha, sungamutumizire meseji payekha, pagulaundi pamafunika akuluakulu awiri nthawi zonse. Poyamba ndinkaona ngati akutikayikira. Pano ndimalakalaka ma Sande sukulu akwathu atatengerako.

Tsopano pa mtima pa funso lanu. Anthu ambiri, ngakhale otithandiza, amaganiza kuti mpira ndi nyambo, mbedza ndi ulaliki, mwana akameza ife nkukoka. Ife tinakana zimenezo. Fomu yomwe kholo limasaina imanena poyera kuti ndife a tchalitchi ndipo pa hafu taimu pamakhala mphindi zisanu za mawu a m'Baibulo, wosafuna akhoza kukamwa madzi ndipo Lachiwiri linalo adzasewerabe. Anyamata achisilamu a Lachinayi ena amakhala nkumvetsera, ena amapita pambali, nthawi ya Ramadan timasintha ola kuti akamasule bwino. Kunabwera mlaliki wina mlendo chaka chatha, tinamupatsa mphindi zisanuzo, iye anatenga mpira nkuukhalira, mphindi 25 akulalikira ana akunjenjemera ndi mphepo, pomaliza anati ofuna Yesu akweze manja. Onse anakweza. Iye anajambula, analemba lipoti kwawo kuti ana 22 apulumuka usiku umodzi. Bambo, mwana wa zaka 13 wovala kabudula pa madigiri 2 akhoza kukweza dzanja pa chilichonse bola mpira uyambirenso. Sabata yotsatira anabwera 9, zinatitengera miyezi iwiri kuti enawo abwerere. Ndikanafuna manambala okusangalatsani ndikanakutumizirani 22 ameneyo.

Atatu aja anabwera mwa njira ina, ndikuuzani za mmodzi. Panali kamnyamata kena kovuta, kotukwana, kawiri konse tinakabweza kunyumba chifukwa cha ndewu. Tsiku lina sikanabwere, tinamva kuti bambo ake amwalira ndi mankhwala ozunguza bongo. Vuto limeneli kuno ndi lalikulu, mu 2020 mokha anthu 1,339 anafa nawo mu Scotland, dziko la anthu osakwana 6 miliyoni. Ine ndinachita zomwe mayi aliyense wa chigwirizano akanachita osaganiza kawiri, ndinaphika mpunga ndi nkhuku, ndinamanga chitenje pamwamba pa jinzi nkupita. Ndinayembekeza kupeza nyumba yodzadza. Ndinapeza mayiyo ali yekha ndi TV. Ndinakhala pansi, ndinatsuka mbale, ndinakhalanso, patatha maola awiri anandifunsa kuti kodi mukudikira chani. Ndinati palibe, kwathu munthu akaferedwa sitimusiya yekha. Analira mpaka ine kuchita mantha. Mawa lake ndinapitanso, mkuja lake chimodzimodzi.

Analibe m'busa, analibe mpingo, ndiye anafunsa mwana uja kuti pamaliro ayankhule ndani, iye anati kochi, kutanthauza amuna anga. Maliro akuno ndi mphindi 30 kumalo kowotchera mitembo, ena akudikira panja nthawi yawo, opanda kwaya opanda siwa. Amuna anga anawerenga Salmo 23, kumbuyo kutakhala anyamata 11 a timu atavala mayunifomu a sukulu. Mayi uja anayamba kubwera ku tchalitchi patatha chaka ndi theka, anabatizidwa Pasaka wathayu. Mwanayo sanabatizidwe ndipo amatukwanabe, koma Lachiwiri ndi iye amayamba kufika kudzaika makoni. Khomo limenelo tikanagogoda ndi timapepala silikanatseguka, linatseguka chifukwa kwa zaka ziwiri mwana wawo ankadziwa kuti kaya kugwe matalala, kochi amupeza pagulaundi.

Za ndalama poti ndikudziwa ena akufuna kumva. Viza yathu siitilola kulandira thandizo la boma, ndipo kuti tizipita kuchipatala timalipiriratu £1,035 munthu wamkulu pa chaka, mwana £776, tonse anayi ndi £3,622 chaka chimodzi musanawerengere lendi ndi gasi. Mbali yaikulu amalipira ndi mpingo wakuno, zochokera kumudzi zimathandiza koma sizingakwane. Ufa timagula wa ku Joni mu shopu za anthu akuda, nsima timadya kawiri pa sabata ngati mankhwala, usipa ndi kuyembekeza wina akubwera ndi ndege. Pa WhatsApp nde osanena, aliyense akudziwa kuti tili ku UK ndiye fizi, feteleza, matenda, zonse kwa ife, ukati ndilibe amati mwayamba kunyada. Ana nawo ndikawayankhula Chichewa amandiyankha chizungu cha ku Glasgow choti ngakhale aphunzitsi anga a Form 4 sangatolepo kanthu. Zimenezi zimandipweteka kuposa kuzizira.

Ndipo pali nkhani ina yomwe sitinaimalize m'nyumba muno, mwina inu akulu ampingo mutithandize. Mwana wathu wamkulu watengedwa mu timu ya ligi ndipo masewero ake ambiri ndi Lamulungu m'mawa. Bambo ake akuti ayi, ndipo amatchula Eric Liddell, mnyamata wakuno yemwe pa Olympics ya ku Paris mu 1924 anakana kuthamanga mamita 100 chifukwa mpikisano wachipulula unali Lamulungu, nkukapambana golide pa mamita 400, chaka chotsatira nkupita ku China ngati mishonale. Ine ndimawauza kuti nkhaniyo muziimaliza. Nkhondo itavuta Liddell anatumiza mkazi wake ndi ana ku Canada mu 1941, iye nkutsala, mu 1943 a Japan anamutsekera mu kampu ya Weihsien. Mmenemo ankakonzera achinyamata masewero koma Lamulungu ankakana, ndiye ana aja Lamulungu lina anasewera hockey okha popanda oimbira mpaka inathera ndewu. Lamulungu lotsatira Liddell anapezeka pabwalo akuimbira. Munthu anakana mendulo chifukwa cha Sabata koma anaimbira masewero a ana a eni pa Sabata lomwelo. Anamwalira mu kampumo mu February 1945, mwana wake wachitatu asanamuonepo.

Amuna anga amati zimenezo ndi zosiyana, Liddell ankathandiza ena pomwe mwana wathu akufuna zake. Mwina akunena zoona. Pakadali pano tagwirizana kuti azisewera kawiri pa mwezi nkumapita ku mapemphero a madzulo, ndipo palibe wakhutira, mwanayo, bambo ake, ngakhale kochi wa timuyo.

Munafunsanso kumapeto kwa imelo kuti mungatipempherere chani. Gulaundi ya Lachinayi akuti akweza mtengo mwezi wamawa, ndipo mnyamata wathu wina wa ku Sudan, goloboyi wathu, amukanira mapepala ndiye akudikira apilo. Mupereke moni kwa amayi kunyumba. Ine ndithawe, mabibu ali mu mashini ndipo mawa ndi Lachiwiri.