Matayala ndi nyengo pa galimoto yamagetsi muno mu Lusaka

Achimwene, mwafunsa za matayala oyenera galimoto yamagetsi ndi momwe nyengo imakhudzira batire lake. Ngati maulendo anu ambiri ndi a m'tauni muno ndi pa tala wopita ku Kabwe, musagule matayala okhakhala a m'misewu ya fumbi aja. Khalani pa saizi yomwe galimoto inabwera nayo. Okhakhalawo ndi olemera ndipo amakakamira msewu, choncho batire limatha msanga.

Za nyengo musade nazo nkhawa kwambiri, kuzizira kwathu kuno sikufika kwa ku Ulaya komwe kumafooketsa batire. Komabe m'mawa wa Juni ndi Julayi mpweya wa m'matayala umatsika, ndipo tayala lofewa limadya magetsi mwakachetechete. Ine ndimayeza mpweya m'mawa galimoto isanayende, potsata nambala yolembedwa pakhomo la dalaivala. Mu Okutobala chimene chimandidyera batire ndi AC (makina oziziritsa m'galimoto), makamaka pa mdipiti wa pa Great East Road madzulo. Nthawi ya mvula nakonso mtunda womwe galimoto imayenda batire lisanathe umachepako, poti tayala limalimbana ndi madzi.

Galimoto zimenezi ndi zolemera chifukwa cha batire, ndiye musanagule funsani katswiri wa matayala ngati matayalawo angapirire kulemerako. Mtunda ukatsika kwambiri mwadzidzidzi, pitani kwa makaniko wodziwa galimoto zamagetsi akayeze batire.