Cushing yabweranso, adokotala akuti tibwerere ku fiyeta

Mayi wina wandilembera imelo za matenda a Cushing, obwera chifukwa cha kuchuluka kwa homoni ya cortisol m'thupi. Akuti zaka zapitazo anawachita opaleshoni yodzera m'mphuno kuchotsa kachotupa pa pituitary (kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamulira mahomoni ambiri), anachira bwinobwino, koma pano nkhope yayambanso kufufuma, shuga ndi BP zakwera, mizere yofiira ija pamimba yabwerera, ndiye adokotala akuti achitenso opaleshoni ina. Funso lawo ndi loti avomere kapena ayi.

Mayi, kubweranso kwa matendawa si zachilendo ndipo sikuti mwalakwitsa kena kake. Kachotupa ka Cushing kamakhala kakang'ono zedi, nthawi zambiri kosafika 1 cm, kamatulutsa homoni ya ACTH yomwe imakakamiza tiziwalo ta pamwamba pa impso kupanga cortisol wambirimbiri. Tizidutswa tosaoneka ndi maso tikatsala, timadzuka patapita zaka, ena zisanu ena mpaka khumi. Opaleshoni yoyamba imachiza anthu pafupifupi 8 pa 10 ngati chotupacho ndi chaching'ono komanso dokotala ndi katswiri. Yachiwiri mwayi umatsika, ochira amakhala theka kapena kupitirira pang'ono.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pamalo pomwe mpeni unadutsa kale pamakhala zipsera, minofu yamamatirana, dokotala savutika pang'ono kusiyanitsa chotupa ndi pituitary yabwino, ndiye nthawi zina amadula mbali yaikulu kuti asasiye kanthu. Apa ndi pomwe mavuto amachulukira. Pituitary ikachepa mphamvu mahomoni ena amasowa, a thyroid, a msambo ndi kubereka, ndipo munthu amakhala pa mapilitsi moyo wonse. Ena amadwala matenda a ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, ambiri kwa masiku ochepa chabe koma ena mpaka kale, mankhwala ake ndi desmopressin. Komanso kudontha kwa madzi a muubongo kudzera m'mphuno kumachitika kwambiri kachiwiri kusiyana ndi koyamba, mukaona timadzi toyera tikutuluka mbali imodzi ya mphuno, makamaka mukawerama, musamati chimfine, thamangani kuchipatala chifukwa njira imeneyo meningitis (matenda oumitsa khosi) imalowera. Chinanso chimene anthu sakamba, odwala Cushing magazi awo sachedwa kuundana m'miyendo ndi m'mapapo, funsani ngati akupatsani mankhwala oteteza.

Ine maganizo anga ndi awa, funso lalikulu ndi loti kodi sikani ya MRI ikuonetsa chinthu chenicheni choti akachotse? Ngati chotupa chikuoneka, chili mkati mwa pituitary, ndipo dokotalayo amachita maopaleshoni amenewa kawirikawiri osati kamodzi pa chaka, ndinganene kuti lingalirani kuvomera, chifukwa palibe njira ina yomwe ingathetse matendawa msanga n'kukusiyirani ziwalo zanu. Koma ngati sikani sikuonetsa kanthu, kapena chotupa chalowerera m'mbali momwe mumadutsa mtsempha waukulu wa carotid, mwayi umachepa kwambiri, ndiye afotokoze bwino akukafuna chani m'menemo. Afunseninso ngati chimene anachotsa koyamba chinapimidwa ku labu n'kupezeka kuti chinalidi chotupa cha ACTH. Musachite manyazi kufunsa, mutu ndi wanu.

Njira zina zilipo. Radiation ngati Gamma Knife imagwira koma mochedwa, miyezi yambiri kapena zaka, ndipo nayonso imatha kufoola pituitary pang'onopang'ono. Podikirapo amapereka mankhwala otsitsa cortisol, ketoconazole yomwe imafuna kupima chiwindi pafupipafupi, metyrapone, osilodrostat, kapena pasireotide yomwe imakweza shuga, kwa inu amene shuga wakwera kale pamenepo mukambirane. Zikakanika zonse amachotsa tiziwalo ta pa impso tonse tiwiri, cortisol amagweratu pompo, koma hydrocortisone ndi fludrocortisone, mapilitsi olowa m'malo mwa mahomoni a tiziwaloto, simudzasiyanso, ndipo chotupa cha kumutu chija chimafunika kuchiyang'anira chifukwa chimatha kukula, ndiyo amati Nelson syndrome.

Mukavomera, musadabwe mukadzuka ofooka, thupi lonse kuphwanya ngati malungo. Cortisol akagwa kwambiri m'masiku oyamba ndiye chizindikiro chabwino, akupatsani hydrocortisone kwa miyezi ingapo, ena kupitirira chaka, osasiya nokha ayi. Cortisol akapanda kugwa nthawi yomweyo musataye mtima msanga, kwa ena amatsika patapita masabata. Ndipo ngakhale muchire, kupimitsa cortisol m'malovu a usiku kapena mumkodzo wa maola 24 chaka ndi chaka musakusiye.