Njinga zomasula: ndi njinga kapena masipeya?

FUNSO: A Mkonzi, ndikufuna kuoda njinga kunja koma zibwera zomasula m'makatoni, felemu payokha mateyala paokha. Mnzanga akuti ndikazilembetse ngati masipeya basi mwina msonkho uchepa. Komanso wogulitsayo wandipatsa nambala ya madijiti 10 ati ndi HS code, ndingoikopera pafomu?
Wamalonda wongoyamba kumene

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo akuponyetsani m'dzenje. A kasitomu sayendera dzina lomwe mwalemba pa invoisi ayi, amaona chinthucho kuti ndi chani, chapangidwa ndi chani, chimagwira ntchito yanji. Buku lomwe amatsata ndi Harmonized System la bungwe la World Customs Organization la ku Brussels, linayamba kugwira ntchito mu 1988 ndipo maiko opitilira 200 amayendera lomwelo. M'bukumo mtundu uliwonse wa katundu uli ndi nambala yake, ndiyo HS code mukunenayo. Njinga yakapalasa ili pa 8712, masipeya ake ali pa 8714. Koma muli lamulo lina amati 2(a), lija limanena kuti chinthu chikabwera chomasula, olo chosakwanira pang'ono koma chikuonekeratu kuti ndi chakuti, chimawerengedwa ngati chathunthu. Ndiye katoni muli felemu, mateyala, tcheni, mahandulo, chishalo, inu nkumati masipeya? Imeneyo ndi njinga basi, yangosowa sipanala. Akakutulukirani mulipira msonkho wotsalawo kuphatikiza chindapusa, katundu ali phee kosungira uku ndalama ya malo ikukwera tsiku ndi tsiku, phindu lonse lathera pompo.

Za nambalayo, osangokopera. Madijiti 6 oyambirira okha ndi amene amafanana dziko lililonse: awiri oyamba ndi chaputala (87 ndi ya magalimoto, njinga ndi zina zoyenda pamsewu), awiri otsatira ndi mutu, awiri enawo kamutu kakang'ono. Otsalawo dziko lililonse limaonjezera lokha, ndiye wogulitsa wanuyo wakupatsani ya kwawo. Tengani 6 oyambawo mukafananize ndi buku la misonkho la dziko lomwe katundu akulowa, muonenso kuti si lakale poti amalikonzanso pakapita zaka zingapo, monga analikonzera mu 2022.

Chinanso, simunanene ngati zili zamagetsi. Ngati zili ndi mota ndi batire ndiye zachoka pa 8712, zapita pa 8711 limodzi ndi njinga zamoto, msonkho wake utha kusiyana kwambiri. Mukakayika funsani a kasitomu akuyankheni molemba katundu asananyamuke, maiko ambiri amalola zimenezi amati advance ruling, ndipo ejenti wanu wokutulutsirani katundu ku kasitomu mumupatse zithunzi ndi mndandanda wa zonse zomwe zili m'katoni.