Mafunso a Owerenga: Mwambo wa Pamoto ndi Diresi Loyera

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akukwatiwa ndi mnyamata wa banja la Amwenye achihindu a kuno, omwe makolo awo anachokera ku Gujarat. Asewere anga akufuna mwambo wawo wa pamoto, mwana akufuna diresi loyera, velo ndi keke. Kodi zonsezi zingatheke Loweruka limodzi? Mayi wa ku Kapata, Chipata.

YANKHO: Amayi, zitheka, koma musaunjike zonse pa tsiku limodzi. Mwambo uliwonse upatsidwe nthawi yake, kuyambira Lachinayi.

Yambani ndi za boma. Anawo akalembetse ku khonsolo, chidziwitso chikhale pa bolodi masiku 21, ndipo ukwati uchitike miyezi itatu isanathe. Funsani ngati wansembe wachihindu ali ndi chilolezo chomangitsa ukwati wa boma. Ngati alibe, akasainire ku khonsolo Lachisanu, ndi mboni ziwiri. Holo musalipire msanga: tsiku ndi ola amasankha ndi wansembeyo potsata kalendala yawo.

Lachinayi ndi la mehndi, zojambula za m'manja zija. Phala lake likhale pakhungu maola 6 kapena kupitirira, akulinyowetsa ndi madzi a ndimu osakaniza ndi shuga, kenako alipale, asalitsuke. Poyamba limaoneka lofiirira pang'ono, limada pakapita masiku awiri. Akalipaka Lachisanu usiku, pa zithunzi lidzaoneka lotuwa. Mwanayo asachape kapena kutsuka mbale, choncho chilanga mulilo, mwambo wophikira mkwati zakudya, chichitike milungu ingapo izi zisanafike. Chonde kanani mehndi wakuda bii. Amathiramo mankhwala odetsera tsitsi amene amatulutsa matuza. Mwambo wa pithi, wopaka phala lachikasu la turmeric, ukhale kutali ndi diresi loyera, chifukwa banga lake limavuta kuchoka.

Wansembe akavomereza, Loweruka m'mawa ndiye pamoto. Amamanga mandap, kachisakasa ka mizati inayi, moto uli pakati m'kambale kachitsulo, akuthiramo ghee, mafuta a batala wosungunula. A ku Gujarat amauzungulira kanayi, kenako amaponda mapazi asanu ndi awiri akulonjezana. Werengerani maola awiri. Apa mpamene tikukupemphani kwambiri: velo ndi diresi la nayiloni zisayandikire moto umenewu, zimayaka ngati udzu wa mu Okutobala. Mwanayo avale panetar, sari (nsalu yaitali yodzikulunga ya akazi achimwenye) yoyera ya m'mphepete mofiira, pamwamba pake gharchola, nsalu imene apongozi ake adzamupatse. Funsani eni holo ngati amalola moto mkati. Mukachitira panja, tenti yapulasitiki ikhale patali, ndowa ya mchenga pambali, ndipo kumbukirani kuti kuyambira Novembala mvula imagwa mosachenjeza. Pakhalenso munthu wofotokoza m'Chinyanja, chifukwa mapemphero ndi a m'Chisanskrit. Achibale ochokera ku Katete kapena ku Chadiza asangokhala ngati alendo pa ukwati wa mwana wawo. Azing'ono a mkwatibwi auzeni kuti mkwati akavula nsapato azibise, mkwatiyo aziwombole ndi ndalama. Ndi mwambo wololedwa, ndipo umaswa manyazi pakati pa mabanja.

Siyani maola awiri kuti avule sari, akonzenso tsitsi ndi nkhope. Madzulo alowe ndi diresi loyera, aperekezi akuvina pamzere, keke idulidwe.

Pa chakudya mpamene anthu amakhumudwitsana osadziwa. Nyama yang'ombe isapezeke n'komwe. Mabanja ambiri achihindu a ku Gujarat sadya nyama, nsomba ngakhale mazira, ndiye keke ikhale yopanda mazira. Miphika, zipande ndi mafuta okazingira zikhale zawozawo, ndipo ophika asaponye timibulu tokometsera ta nkhuku mu nyemba. Nsima, nyemba ndi chiwawa chotendera angadye onse, pambali pa mpunga, dal (msuzi wa nandolo kapena mphodza) ndi puri (timikate tokazinga). Za nkhuku ndi mowa ankhoswe akagwirizane ndi asewere anu pasadakhale; akalola, zikhale pa tebulo lapadera, madzulo okha.