Za tizilombo ta m'dothi tija mumafunsa

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti mitundu iwiri ya tizilombo ta m'dothi totchedwa Dictyostelium, yomwe inasiyana kalekale, izikula mofanana chonchi. Nkhani imeneyi ine imandigwira mtima zedi.

Kachilombo ka Dictyostelium discoideum kamakhala selo imodzi basi, kumadya mabakiteriya pansi pa masamba owola, koma chakudya chikangotha maselo amayamba kuitanizana ndi kemikolo yotchedwa cAMP mpaka kusonkhana okwana 100,000, kenako amapanga kanthu konga nkhono yopanda chigoba kamene kamakwawa ndithu, ndiye pakamakwana maola 24 kaimirira ngati kabowa kakang'ono. Maselo pafupifupi 20 pa 100 aliwonse amafa kuti akhale phesi, otsalawo amakhala njere pamwamba pake.

Tsono mu 2010 asayansi a ku Baylor College of Medicine ku Houston anayerekeza kachilomboka ndi kanzake ka Dictyostelium purpureum. DNA yawo ndiyotalikirana ngati ya munthu ndi nsomba, komatu majini (zigawo za DNA zokhala ndi malangizo a chamoyo) ambiri ofanana amayaka ndi kuzima, kutanthauza kuyamba ndi kusiya kugwira ntchito, pa nthawi yomweyomweyo tizilomboti tikamakula, ndipo ngakhale kuchuluka kwa RNA yake, yomwe ndi uthenga umene jini imatulutsa ikayaka, kumayenderana. Kwa ine chodabwitsa kwambiri n'chimenecho, kuti ndondomeko yoyatsira majini inasungika pomwe zilembo za DNA zinasintha kwambiri.