Chiphaso cha mwanayo chisatuluke m'sutikesi

Okondedwa Anankungwi,

Ndikulemba kuchokera ku Mutare, ku Zimbabwe, kumene agogo athu anadzagwira ntchito m'mafamu. Mchimwene wanga analowa mpingo wina wa zovala zoyera umene umalola mitala, ndipo tsopano ali ndi akazi atatu. Mkulu wina wa mpingowo, amene ali kale ndi akazi asanu, akuti analota kuti mwana wa mchimwene wangayo, wa zaka 13, ndi mkazi amene mzimu wamupatsa. Mwanayo anasiya sukulu chaka chatha. Posachedwapa mchimwene anadzandipempha chiphaso chobadwira cha mwanayo, chimene ndakhala ndikusunga m'sutikesi chimwalirireni mayi ake, komanso kuti ine monga azakhali ndimulangize za m'banja. Za mpingowo sizindisangalatsa, koma malemu bambo athu anatisiyira mawu akuti tisamakangane. Ndingalankhule naye bwanji osadula chibale?

Azakhali othedwa nzeru

Mayi, za mkulu wa malotoyo sinditayapo nthawi. Mzimu umene sumulotetsa mwamuna mayi wamasiye wa ana asanu wosowa womulimira, koma umangomulotetsa ana a pulayimale, ndi chilakolako chabe, ndipo chimene akukonzacho ndi kugwirira mwana. Chimene chandigwira m'kalata yanu ndi chiphaso chija, chimene mwangochitchula modutsa. Kodi munadzifunsa kuti bambo amene anachotsa mwana kusukulu, amene sakumupezera pasipoti kapena malo a mayeso, akuchifuniranji chiphaso chobadwira pa nthawi ngati ino?

Mu July 2021, kufupi ndi kwanuko, mtsikana wosakwana zaka 16 anamwalira pobereka pamalo opempherera a mpingo wa Johane Marange. Apolisi atafufuza ananena kuti makolo ake anaonetsa chiphaso cha mkazi wina wa zaka 22, pofuna kuti womwalirayo aoneke ngati anali wamkulu. Mwamuna amene anamukwatira anamangidwa, ndipo makolowo nawonso anaimbidwa mlandu wosokoneza chilungamo. Mwana wa kumudzi amene anabadwira kunyumba, amene sapita kuchipatala, ndipo dzina lake linafufutidwa m'kaundula wa sukulu, zaka zake zimakhala zimene akuluakulu anena. Pepala limene lili m'sutikesi mwanulo ndilo lingatsutse mkulu uja tsiku limene adzaime pamaso pa woweruza n'kunena kuti mkazi wake ali ndi zaka 19.

Ndakhala ndikunena, ndipo sindidzatopa, kuti magulu otere sayamba ndi ukwati. Amayamba ndi kuchotsa maso a anthu akunja pa mwana. Mphunzitsi amaitana mayina m'mawa uliwonse ndipo amafunsa mwana akajomba, namwino amayeza mimba n'kulemba zaka za mayi, choncho sukulu ndi chipatala zimalengezedwa kuti ndi za dziko, zodetsa okhulupirira. Ku America, Warren Jeffs wa mpingo wa mitala wa FLDS analamula otsatira ake m'chaka cha 2000 kuti achotse ana m'sukulu za boma. Mu 2011 khoti la ku Texas linamugamula kukhala m'ndende moyo wake wonse chifukwa chogwirira atsikana a zaka 12 ndi 15 amene ankawatcha akazi ake, ndipo umboni waukulu unachokera m'zolemba zimene iye mwini ankasunga. Mwana wa mchimwene wanu atasiya sukulu chaka chatha, ukwatiwu unali utayamba kale kukonzedwa, ndipo m'kalata yanu simunanene kuti munapita kwa ahedi kukafunsa.

Apa ndiye ndikudzudzuleni. Mkulu uja sangakwatire mwana payekha. Pamafunika mayi womusambitsa, womuveka nsalu yoyera, womuuza kuti akapirire ndipo asakalire usiku, ndipo ntchito imeneyi ndi imene akupatsani inu. Iwo akudziwa kuti mwana wamasiyeyu amamvera azakhali ake kuposa akazi atatu a bambo ake. Mwalemba zambiri za mtendere wa pakati pa inu ndi mchimwene, koma simunandiuze kumene mwanayo akugona, kapena zimene iye ananena atamva za malotowo. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mwanayo ndi m'bale wanu chimodzimodzi ndi bambo ake. Malemu bambo anu pokuuzani kuti musamakangane sankakutumani kukapereka mdzukulu wawo.

Lamulo lili kumbali yanu. Mu January 2016 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe linagamula kuti munthu wosakwana zaka 18 sangalowe m'banja la mtundu uliwonse, kaya la mwambo kapena la chipembedzo, ndipo lamulo la maukwati la 2022 limalanganso wothandizira ukwati wa mwana. Mukamulangiza, mlanduwo ukukhudzani.

Chiphasocho chijambuleni pa foni, ndipo kope lake mukasungitse kwa munthu amene sali mumpingowo. Imbani 116, nambala yaulere ya Childline, bungwe lothandiza ana, kenako mupite nacho ku Victim Friendly Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Pemphani kuti mwanayo akaonedwe kuchipatala, chifukwa n'kutheka kuti mwamuna akafika polengeza maloto amakhala atayamba kale kumukhudza. Mchimwene wanu mulankhule naye zonsezi zitachitika, osati zisanachitike, popeza akachenjezedwa angathe kumusamutsa mwanayo usiku kupita kwa achibale a mumpingo kuboma lina kapena kutsidya la malire ku Mozambique. Adzakwiya, mwina osakulankhulani kwa zaka, ndipo muyenera kukonzeka kumusunga mwanayo kwanu ndi kumulipirira sukulu.

Anankungwi