Funsani za Mabuku: Linandikoka poyamba, kenako linanditopetsa

FUNSO: Akonzi, ndangomaliza kuwerenga The Hunger Games, buku la Suzanne Collins. Chiyambi chake chinandigwira mtima kwambiri, koma Katniss, mtsikana mwini nkhani, ndi Peeta, mnyamata wa kwawo, atakabisala m'phanga ndinayamba kudumpha masamba, ndipo mathero sanandikhutiritse. Aphunzitsi andiuza kuti ndilembe ndemanga ya bukuli ku kalabu yathu yowerenga. Kodi vuto lili ndi ine kapena ndi bukuli? Ndine mtsikana wa Fomu 3 ku Zomba.

YANKHO: Vuto silili ndi inu, mwana wathu. Mwaona bwino, chatsala n'kudziwa chimene chinakukokani ndi chimene chinakutayani.

Bukuli linatuluka mu 2008 ndipo lili ndi mitu 27, yogawidwa m'zigawo zitatu za mitu 9. Mphamvu yake ili m'chigawo choyamba, pamene mlembi akuyala malamulo a dziko la Panem. Chaka chilichonse maboma 12 amapereka mnyamata ndi mtsikana a zaka 12 mpaka 18, onse pamodzi 24, kuti akaphane mpaka kutsale mmodzi, anthu akuonerera pa wailesi yakanema. Koma taonani mmene maere osankhira anawa amachitikira. Mwana wosauka akhoza kulembetsa dzina lake kangapo kuti alandire tirigu ndi mafuta, ndipo mayinawo amaunjikana chaka ndi chaka. Katniss amalembetsa kanayi pachaka: kamodzi mwalamulo, katatu chifukwa cha chakudya cha iye, mayi ake ndi mng'ono wake Prim. Kwa zaka zisanu, dzina lake lalowa ka 20. La mnzake Gale lalowa ka 42. Mwana wa wolemera sakakamizika kutero. Apa mlembi waonetsa nkhanza za boma ndi masamu okha, popanda kulalikira, ndipo n'zimene zinakugwirani mtima.

Tsono za m'phangamo. Kumapeto kwa mutu 18, Rue, kamtsikana kamene kanagwirizana ndi Katniss m'masewerawa, atangofa, oyendetsa masewera amasintha lamulo kuti awiri a boma limodzi akhoza kupambana limodzi. Kuyambira pamenepo funso loopsa lija, loti kodi Katniss adzapha Peeta, limazimiririka kwa mitu ingapo. Anthu awiri akhala malo amodzi, wina akudwala mwendo, ndipo adani sakuoneka kawirikawiri chifukwa nkhani yonse tikuimva m'kamwa mwa Katniss yekha. Chimene iye sakuona, ifenso sitiona. Nkhani ikatero imayenda pang'onopang'ono. Komabe musanene kuti chikondicho n'chopanda ntchito. Katniss atampsompsona Peeta, mlangizi wawo Haymitch amatumiza mphika wa msuzi, kutanthauza kuti chikondi chasanduka malonda ogulira chakudya. Ganizoli ndi labwino, kungoti latambasulidwa mopitirira.

Cholakwika chachikulu, m'kuona kwathu, n'chakuti mlembi amamuteteza Katniss. Safika popha munthu wosalakwa. Rue amaphedwa ndi mnyamata wa boma loyamba, mtsikana wa boma lachisanu amadya yekha zipatso zapoizoni, Thresh, mnyamata wa kwawo kwa Rue, amafera kutali. Buku lolonjeza kuti masewerawa amaipitsa aliyense limamusiya mwini nkhani manja ali oyera ndithu. Mathero nawonso sakutseka nkhani chifukwa pali mabuku otsatira, la 2009 ndi la 2010.

Polemba ndemanga yanu, yambani ndi ziganizo zitatu zofotokoza nkhani, osaulula wopambana. Kenako ndime imodzi ya chimene chinayenda bwino, ndi chitsanzo cha maere aja. Ndime yotsatira ikhale ya pamene munatopa, mutchule mutu wake ndi chifukwa chake. Ophunzira ambiri amalakwitsa pomangofotokozanso nkhani yonse mpaka tsamba kudzaza, kapena kulemba kuti "linali lokoma koma lotopetsa" osapereka umboni. Musanalembe, bwererani ku mitu imene munadumpha ija, kuyambira 19 mpaka 23, ndipo muziika chizindikiro paliponse pamene Katniss akuchita kanthu chifukwa akudziwa kuti makamera akumuona.